Kodi Nkoyenera Kugula Ufulu Wowombola Nyumba ya Munthu Wolandidwa?

Munthu akatenga ngongole ku banki kuti agule nyumba, nyumbayo imakhala chikole. Akalephera kubweza, nyumba ija imalandidwa ndi kugulitsidwa pa okushoni. Komabe m'zigawo zina za dziko la United States lamulo limapatsa mwini wake wakale nyengo yoti aiwombole polipira mtengo umene inagulidwira pa okushoni, pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi ndalama zina zimene wogulayo anawononga. Ku Michigan nyengoyi kawirikawiri imakhala miyezi 6. Ku Alabama ndi chaka chimodzi, koma kuyambira mu 2016 inafupikitsidwa kufika masiku 180 pa nyumba imene mwini wake amakhalamo.

Ganizo la kuwombola ndi lakale. Buku la Levitiko, mutu 25, limalola munthu wogulitsa nyumba ya m'mudzi wa linga kuiwombola chaka chisanathe. Cholinga chake chinali chifundo: munthu asataye pogona chifukwa cha tsoka la nyengo imodzi.

Vuto ndi lakuti wolandidwa nyumba kawirikawiri alibe ndalama zowombolera. Apa ndipo pamalowera amalonda, pakuti ufuluwu umatha kugulitsidwa. Tiyerekeze kuti nyumba ya madola 150,000 yagulidwa pa okushoni ndi madola 90,000. Wamalonda apita kwa mwini wake wakale, nampatsa madola 5,000 kuti amsiyire ufulu wowombola. Kenaka alipira madola 90,000 aja ndi zoonjezera zake, natenga nyumba imene angathe kuigulitsa ndi phindu lalikulu. Kodi munthu ameneyu wachita bwino kapena wachita nkhanza?

Ena amati palibe cholakwa. Nyumba inali itapita kale, ndipo nyengo ikanatha mwini wake akanachoka chimanjamanja. Tsopano ali ndi ndalama zolipirira lendi kwina ndi kudyetsa ana. Wamalonda nayenso waika chuma chake pachiswe, chifukwa nyumba ingathe kukhala yowonongeka kapena kukhala ndi ngongole zina. Onse awiri agwirizana popanda wokakamiza mnzake.

Ena amatsutsa. Iwo amati munthu wapanikizika savomera mwaufulu weniweni. Amalandira chilichonse chimene chaikidwa m'manja mwake. Nthawi zambiri sadziwa kuti pepala limene akusainalo ndi lamtengo wapatali kuposa zimene akupatsidwa. Akanadziwa, akanafuna wogula wina wopereka zambiri, kapena akanapempha achibale kuti asonkhe ndalama. Motero lamulo lopangidwira kuteteza wofooka lasanduka khasu lolimira munda wa wolemera.

Poganizira mbali zonsezi, ine ndiona kuti kugula kokha si tchimo. Chimene chisiyanitsa malonda oyera ndi umbava ndi m'mene wogula achitira ndi umbuli wa mnzake. Ngati amuuza poyera mtengo weniweni wa nyumba, namsiyira masiku oti afunse wodziwa malamulo, nampatsa gawo looneka la phindu, wamthandiza. Koma ngati afika usiku ndi mawu okoma, nafulumizitsa munthu wamisozi kuti asaine zimene sakuzimvetsa, ndiye kuti wadya thukuta la mnzake, ngakhale khoti lisampeze wolakwa. Lamulo limangoika malire a zimene tingachite. Chikumbumtima ndicho chimatiuza zimene tiyenera kuchita.

Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ngongole sisankha munthu: matenda, kuchotsedwa ntchito kapena imfa ya wodyetsa banja zingathe kugwetsa aliyense. Choncho wofuna kugula ufulu wotere ayambe wadzifunsa funso limodzi: nyumbayi ikanakhala ya amayi anga, kodi ndikanakondwa kuona munthu wina akuwapatsa mtengo umenewu? Ngati yankho ndi lakuti ayi, phindu lakelo lachokera m'misozi ya mwini nyumba.