Bala ya ku Hesket Newmarket ndi Eni Ake

Adzukulu anga, khalani pansi ndikuuzeni za bala. Musaseke. Sindikukutumani kukamwa, pakuti mowa waphwasula mabanja ambiri ndipo inu mukuwadziwa. Ndikufuna muone zimene mudzi umachita malo amene anthu amasonkhanapo akatsala pang'ono kuchoka m'manja mwawo.

Kumpoto kwa England, m'dera la Cumbria, m'mphepete mwa mapiri a Lake District, kuli kamudzi kotchedwa Hesket Newmarket. Kumeneko kuli bala yakale, The Old Crown. M'midzi ya kumeneko bala ndiyo bwalo. Alimi a nkhosa amakambirana mitengo pomwepo, alendo okwera mapiri amawotha moto pomwepo, ndipo nkhalamba yotsala yokha m'nyumba imapezako woyankhula naye.

Eni bala imeneyi akhala akusinthanasinthana, koma amene anthu amawatchula kwambiri ndi Jim Fearnley ndi mkazi wake Liz. Mu 1988 iwowa anayamba kufulula mowa wawowawo m'chinyumba chakale kuseri kwa balayo. Mowawo anaupatsa mayina a mapiri oyandikana nawo, monga Blencathra ndi Skiddaw, ndipo wina anautchula dzina la apongozi ake a Jim, mayi Doris, pokondwerera kuti akwanitsa zaka 90. Apa pali phunziro loyamba. Munthu akabwera pamalo n'kumalemekeza mapiri ndi nkhalamba za pamalopo, anthu amayamba kuona bizinesi yake ngati yawo.

Koma mwini bala amakalamba. Mu 1999 banjali litafuna kupuma, anthu a m'mudzimo pamodzi ndi okonda mowawo anasonkha ndalama, napanga kopaletivi, nagula mofululiramo. Patapita zaka zochepa balayo nayo inaikidwa pamalonda. Mantha anali akuti kampani yaikulu ikaigula, idzabweretsa mowa wake, idzasintha zonse, mwinanso kuitseka phindu likachepa. Ndiye mu 2003 anthu 125 anapereka mapaundi 1,500 aliyense n'kuigula. Imadziwika kuti ndiyo bala yoyamba ku Britain kukhala ya kopaletivi. Chaka chotsatira Charles, amene pano ndi mfumu ya Britain, anafika kudzaiona.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene magulu ambiri amapunthwa. Anthu 125 aja sanalowe onse kuseri kwa kauntala kuti aliyense azithira mowa ndi kugwira ndalama. Anagula nyumbayo, kenaka anaibwereketsa kwa munthu wodziwa ntchito. Iyeyo ndiye amaphika, amalemba antchito, amalipira lendi, ndipo phindu kapena kuluza kwa tsiku ndi tsiku n'kwake. Akatopa amachoka, gulu limafuna wina, chitseko osatsekedwa. Mwini sheya akafika amalipira chakumwa chake monga mlendo aliyense.

Timakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo n'zoona. Koma kusonkha sikuvuta kwenikweni. Chovuta n'kusonkha kenaka n'kudziletsa, osalowerera ntchito ya amene mwamuika, osatenga katundu pangongole poti "inenso ndinaponyapo yanga". Ndaona magulu a chigayo ndi a golosale akutha chifukwa cha mawu amenewo, aliyense mwini, palibe wolipira.

Onaninso kuti anthuwa sanadikire tsiku lotseka kuti ayambe kulira. Anayamba kuchitapo kanthu malonda akadali pakamwa, ndipo amene anaponya ndalama ankadziwa kuti sadzalemera nazo. Chimene ankagula chinali malo okumanirana.

Inu amene muli m'magulu a banki m'khonde, kapena mukuganiza zogula chigayo pamodzi, lembani pepala musanasonkhe tambala: mwini ndani, woyendetsa ndani, amalipira zingati pamwezi, ndipo akafuna kuchoka adzasiya bwanji makiyi.