Msungi Si Mwini

Mabungwe ambiri a anthu ongodzipereka, kaya ndi a makolo a pasukulu, a maliro kapena a ophunzira, masiku ano ali ndi chuma chimene sichisungidwa m'bokosi. Kaundula wa mamembala, makalata a bungwe ndi ndalama za pafoni zili kuseri kwa mawu achinsinsi, amene ena amawatcha pasiwedi. Wodziwa mawuwo angathe kulemba munthu m'kaundula kapena kumufafaniza, ndipo angathe kuyankhula m'dzina la onse. Funso loti mawuwo asungidwe ndi yani limaoneka ngati la akatswiri a makompyuta, komabe gwero lake ndi khalidwe. Kodi kugawa kiyi kwa anthu angapo ndiko kukayikira munthu amene wakhala akutumikira gulu popanda malipiro?

Chichewa chimasiyanitsa bwino mbali ziwiri za nkhaniyi. Aneni akuti kukhulupirira ndi kukhulupirika ali ndi tsinde limodzi, koma woyambayo ndi ntchito ya wopereka chinthu pamene wachiwiriyo ndi mkhalidwe wa wolandira. Chimodzimodzinso kusungitsa ndi kusunga. Munthu akasungitsa mbuzi kwa mnansi wake, mnansiyo sasanduka mwini mbuzi ngakhale aidyetse zaka khumi. Kukhulupirika kwake kumaoneka tsiku limene mwiniwake wabwera kudzaitenga. Choncho msungi amene wakonza zinthu mwa njira yoti gulu silingathe kutenga chake popanda iye walephera kale udindo wake, ngakhale asanabepo kanthu, pakuti matenda, imfa ndi mkwiyo sizisankha munthu.

Zimene zidachitika mumzinda wa San Francisco ku America mu 2008 zikuonetsa kuti vutoli silichokera kwa akuba okha. Terry Childs, katswiri amene ankayang'anira netiweki ya makompyuta a boma la mzindawo, adakana kupereka mawu achinsinsi kwa akuluakulu ake poganiza kuti iwo sadali oyenera kuwalandira. Adamangidwa, ndipo adaulula mawuwo kwa mfumu ya mzindawo, Gavin Newsom, amene adachita kukamuona m'ndende. Mu 2010 khoti lidamupeza wolakwa ndi kumulamula kukhala m'ndende zaka 4. Pa masiku onse a mkanganowo makompyuta ankagwira ntchito bwinobwino. Cholakwa cha Childs chidali chakuti adadziika kukhala woweruza wa amene adamusungitsa. Chiyeso chotere chimagwera makamaka munthu wakhama, amene adamanga chinthu ndi manja ake ndipo sakhulupirira kuti wina angachisamale monga iye.

Poopa zimenezi, magulu ena amagwa m'dzenje la mbali inayo. Mawu achinsinsi amatumizidwa pa uthenga wa pafoni kwa mamembala onse a komiti, ndipo amakhala osasinthidwa zaka zambiri. Izi zimaoneka ngati umodzi, koma zotsatira zake n'zowawa. Tsiku limene dzina la munthu lafafanizidwa kapena ndalama zasowa, onse amene adalandira uthenga uja amakayikiridwa, ndipo palibe mmodzi yemwe amene angathe kudziyeretsa. Wolakwa amabisala pakati pa anzake, osalakwa n'kusenza manyazi ake. Kiyi ya aliyense imasiya gulu lopanda munthu woti afunsidwe.

Njira yapakati idapezeka kale m'midzi. Magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, amene bungwe la CARE lidawayambitsa ku Niger mu 1991 ndipo ku Malawi amadziwika kuti banki m'khonde, amasunga ndalama m'bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi ake amakhala ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosilo kunyumba kwake sakhala ndi kiyi. Bokosi limatsegulidwa pamsonkhano, onse akuona. Mayi amene amagona ndi bokosilo m'nyumba saona dongosololi ngati chipongwe. Ndilo limamutchinjiriza. Mwana akadwala usiku, kapena mwamuna wake akaumirira kuti abwerekeko pang'ono, iye ali ndi yankho limene silidalira mphamvu ya mtima wake yokha: sangathe kutsegula. Ndalama zikaperewera pa tsiku logawana, palibe angamuloze chala.

Nzeru yomweyi idalembedwa m'masamu. Mu 1979 Adi Shamir adaonetsa momwe chinsinsi chingagawidwire kwa anthu angapo kotero kuti chiwerengero chogwirizanidwa cha iwo, mwachitsanzo atatu mwa asanu, chingathe kuchibwezeretsa, pamene ocheperapo sadziwa kanthu. Maziko ake ndi osavuta. Madontho awiri amakwanira kujambula mzere wowongoka umodzi, koma pa dontho limodzi pangadutse mizere yosawerengeka. Amene wapatsidwa dontho limodzi ali ndi gawo lenileni la chinsinsi, komabe payekha sangachidziwe. Apa masamu adaposa bokosi lachitsulo, chifukwa mmodzi akamwalira kapena akataya gawo lake otsalawo amatsegulabe.

Gulu laling'ono silifunika masamu onsewa kuti litsate mfundo yake. Woyang'anira aliyense alowe ndi dzina lake ndi mawu achinsinsi akeake, kuti chochita chake chidziwike kuti n'chake. Oyang'anira asachepere awiri. Mawu aakulu, otsegula zonse, asungidwe mu pulogalamu yosungira mawu achinsinsi kapena mu envulopu yomata imene singatsegulidwe popanda mboni. Nambala ya foni yolandirira chitsimikizo polowa isakhale ya munthu mmodzi amene mawa angasamuke.

Pali chotsutsa chimene sichiyenera kunyozedwa. M'nkhani zake za Reith za pa wailesi ya BBC mu 2002, katswiri wa filosofi Onora O'Neill adachenjeza kuti kuchuluka kwa malamulo olondalonda anthu pantchito kungathe kukulitsa kukayikirana m'malo mokuchepetsa. Chenjezoli limalemera kwambiri pakati pa ongodzipereka, amene malipiro awo ndi ulemu basi. Munthu amene wapereka madzulo ake kwa zaka zisanu akauzidwa mwadzidzidzi kuti apereke mawu achinsinsi kwa ena awiri, adzamva ngati wapezeka ndi mlandu, ndipo mwina adzachoka. Koma chimene chamupweteka ndi nthawi imene lamulo lafikira, pakuti lamulo lobwera pambuyo pa mkangano limakhala ndi dzina la munthu pamphumi. Likakhazikitsidwa pachiyambi, wina asanasankhidwe pa udindo, limakhudza mpando ndipo silinyoza wokhalapo. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Mayeso aakulu amadza pa tsiku losiyana. Wina akatula pansi udindo, mawu achinsinsi ayenera kusinthidwa tsiku lomwelo, kaya wachoka mwamtendere kapena mokwiya. Ambiri amazengereza poopa kuoneka ngati akuthamangitsa mnzawo. Komatu kumusiyira kiyi ndiko kumusiyira mlandu wa zinthu zimene sakuziyang'aniranso, chifukwa chilichonse chodzalakwika m'tsogolo chidzamukhudza. Wotula udindo amene amadziwa tanthauzo la kusunga sadikira kuuzidwa. Amaitana womulowa m'malo, amamuonetsa zonse, kenako amapempha yekha kuti dzina lake lichotsedwe pa mndandanda wa oyang'anira.