Kodi chifundo chingapatsire matenda?

Tikamakambirana za utumiki, timakonda kuganiza kuti kuthandiza mnzathu n'kwabwino nthawi zonse. Abale ndi alongo, taonani nkhani iyi.

Cha m'ma 2005, ofufuza anapeza kuti amayi ena odzibaya heroin mumzinda wa Dar es Salaam ankachita zomwe ankazitcha flashblood. Mayi amene wapeza ndalama amadzibaya mankhwalawo, kenaka n'kukoka magazi ake m'jakisoni momwemo n'kupatsa mnzake wopanda kobiri kuti naye adzibaye. Mnzakeyo amakhala atagwidwa chibaba: thukuta lili kamukamu, akunjenjemera, m'mimba mwatseguka, mafupa akuphwanya. Heroin wotsala m'magaziwo ndi wochepa zedi. Koma ngati muli kachilombo ka HIV kapena ka matenda a chiwindi a Hepatitis C, kamalowa mumtsempha mwachindunji.

Palinso ena, m'maiko ambiri, amene mitsempha yawo inafota chifukwa chobayidwabayidwa, choncho amapempha wina kuti awabaye, mwina m'khosi. Wobayidwa sasankha singano. Kawirikawiri amalandira pambuyo, ndi singano yomwe wobayayo wagwiritsa kale ntchito. Akazi ambiri amabayidwa ndi amuna awo, ndipo kukana kumawavuta.

Tingafulumire kunena kuti apa palibe chikondi. Ife tikukayika. Mayi uja sakanatha kuonerera mnzake akuvutika, anapereka chomwe anali nacho, magazi ake enieni. Ambiri a ife sitinapatsepo munthu chinthu chotere. Komabe mphatsoyo ikhoza kupha. Ndiye kuti mtima wabwino pawokha sukwanira, umafuna kudziwa chimene ukuchita. Umafunanso njira ina yoti n'kuitsata, ndipo njirayo munthu wosauka sangailambule yekha.

Chikhulupiriro chathu chimaletsa mankhwala ozunguza bongo pokhapokha dokotala atalamula, ndipo sitikuchepetsa lamulolo. Koma chimatiletsanso miseche ndi kufufuza zolakwa za ena (apa m'pamene ambirife timapunthwa). Munthu amene akudziwa kuti tikamuona timunyoza amakabisala m'bwinja, kumene womuthandiza yekhayo ndi mnzake wa singano imodzi.

Mu 2011 chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam komweko chinayamba kupereka methadone, mankhwala akumwa oziziritsa chibaba popanda kubaya. Wodwala ayenera kupitako tsiku ndi tsiku, ndipo zimapepuka ngati pali womuperekeza. Tikambirane: mwa anthu onse amene amamudziwa, ndani angavomere kudzuka m'mamawa n'kuyenda naye, ife kapena mnzake uja anamupatsa magazi?