Kodi Mkristu Wosauka Angalandire Chithandizo cha Boma?

KU RIMUKA mu Kadoma ndi ku Pfupajena mu Chegutu, m'dziko la Zimbabwe, kuli okalamba ambiri olankhula Chicheŵa. Iwo kapena makolo awo anachokera ku Malaŵi, Zambia, ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ya golidi yonga Cam and Motor ndi Dalny, m'mafamu, ndi m'mafakitale oomba nsalu a David Whitehead. Pamene ntchito zinachepa, ndipo makamaka pamene antchito a m'mafamu anayamba kuchotsedwa mu 2000, ambiri anatsala opanda munda, opanda mudzi wobwererako, ndiponso opanda penshoni yokwanira. Kodi Mkristu wokhala mumkhalidwe wotero angapemphe chithandizo cha boma ndi chikumbumtima choyera? Ngati angatero, kodi Mulungu amafunanji kwa iye?

Kodi Oyenerera Ndani?

Boma silimathandiza aliyense wodandaula za umphaŵi. Lamulo la mu 1988 lotchedwa Social Welfare Assistance Act limatchula osoŵa kotheratu a zaka zoposa 60, opunduka, odwaladwala, ndi awo odalira pa anthu otero. Kuchiyambi kwa ma 1990, thumba la Social Dimensions Fund linalipirira sukulu ndi chipatala mabanja olandira ndalama zosaposa madola 400 a Zimbabwe pamwezi. Mu 2001 anayambitsa makonzedwe otchedwa BEAM, m'mene komiti ya anthu a m'deralo imasankha ana amasiye ndi ana osauka oti boma liwalipirire sukulu. Lamulo la msonkho nalonso limachotserako msonkho anthu a zaka 55 kapena kuposapo, akhungu, ndi opunduka. Komabe, zimenezi zimapindulitsa kokha awo amene malipiro awo amafika podulidwa msonkho.

Kuika malire kotero si kwachilendo kwa oŵerenga Baibulo. Mtumwi Paulo analangiza Timoteo kuti mkazi wamasiye alembedwe pa mndandanda wa othandizidwa ndi mpingo ngati wafika zaka 60 ndipo alibe ana kapena adzukulu omsamalira. (1 Timoteo 5:3-10) Chotero kufunsidwa za msinkhu, ndalama, ndi achibale sikuli chitonzo.

Kulandira Sikuli Kochititsa Manyazi

Akristu ena amene adzidyetsa ndi manja awo moyo wawo wonse amawopa kutchedwa opemphapempha. Koma Chilamulo cha Mose chinaletsa Aisrayeli kukolola m'mphepete monse mwa minda yawo, popeza kuti khunkha linali la wosauka ndi mlendo. (Levitiko 19:9, 10) Rute, mkazi wamasiye ndiponso mlendo wochokera ku Moabu, anakunkha m'munda wa Boazi nadyetsa apongozi ake, ndipo Malemba amamtamanda. Ndiponso, Paulo anasonyeza kuti olamulira amatumikira ubwino wa anthu ndi kuti nchifukwa chake misonkho imaperekedwa. (Aroma 13:4-7) Munthu amene anagwira ntchito mumgodi kwa zaka zambiri sakuba pamene alandira zimene lamulo limamlola.

Chiyeso cha Kubisa Choonadi

Ngozi yeniyeni ili pa mayankho amene wopemphayo amapereka. Mwachitsanzo, mkazi wamasiye wa ku Rimuka angakhale akulera adzukulu atatu, pamene mwana wake wa ku Johannesburg amamtumizira ndalama mwakamodzikamodzi. Anansi angamuuze kuti asatchule mwanayo, kuti awonjezere zaka zake, kapena kuti alembetse mdzukulu monga wamasiye pamene atate wake ali moyo. Popeza kuti njala ili m'nyumba, uphunguwo ungamveke wanzeru.

Komabe, Hananiya ndi Safira sanalangidwe kaamba ka kusunga mbali ya ndalama zawo. Analangidwa chifukwa chonama ponena za unyinji wake. (Machitidwe 5:1-10) Ndiponso, ndalama zolipirira ana sukulu nzoŵerengeka. Mwana wolembetsedwa monama amatenga malo a wamasiye weniweni wa panyumba yoyandikana nayo. Mkazi woopa Mulungu adzatchula zonse zimene amalandira, nalongosolanso kuti sizimadza mwezi uliwonse. Mwinamwake adzakanidwa, koma adzasunga chikumbumtima chabwino chimene Ahebri 13:18 amachigwirizanitsa ndi kuona mtima m'zinthu zonse.

Pamene Ziphaso Zisoŵa

Ena oyenerera samafika nkomwe pa mndandandawo chifukwa chosoŵa zitupa ndi zikalata za kubadwa. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ambiri a ochokera kunja anaŵerengedwa kukhala alendo m'dziko limene anabadwiramo. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 anazindikira monga nzika awo obadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera kudziko la m'bungwe la SADC, malinga ngati anali kukhala m'dzikomo panthaŵiyo. Ngakhale kuli tero, munthu afunikirabe kupita ku ofesi yolembetsa nzika kuti ziphaso zake zikonzedwe.

Pamenepa mpingo uli ndi thayo. Mu Yerusalemu, akazi amasiye olankhula Chigiriki ananyalanyazidwa pa kugaŵa chakudya kwa tsiku ndi tsiku, ndipo atumwi anaika amuna asanu ndi aŵiri oti awongolere nkhaniyo. (Machitidwe 6:1-6) Mofananamo, Mkristu wodziŵa Chingelezi ndi Chishona angaperekeze wokalamba ku ofesi, kumŵerengera mafomu, kapena kumlipirira basi. Ana achikulire, kulikonse kumene ali, ayenera kukumbukira kuti chithandizo cha boma sichimachotsa thayo lawo la kusamalira makolo. (1 Timoteo 5:8) Ndipo ngati mkazi wamasiye uja akanidwa chifukwa chonena zoona, okhulupirira anzake ayenera kukhala oyamba kufika pakhomo pake ndi ufa ndi ndalama za sukulu za adzukulu ake.—Yakobo 2:15, 16.