Kuona maso a nkhono n'kudekha

Nkhono ukaigwira imabweza nyanga zake m'chigoba. Uisiye pansi, ukhale phee, pakapita kanthawi imatulutsa timaso take pansonga pa nyangazo. Akuluakulu ankanena mwambiwu kwa mwana waphuma, koma ine ndimauona ukugwira ntchito kwambiri kwa anthu okonda kuonerera mbalame.

Ku Phalombe mpheta n'zosasowa, zimadzadza pa mtondo amayi akamapeta mphale. Zosowa zili kumtunda. Anthu amakwera phiri la Mulanje kudzera pa Fort Lister, mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi pomwe atsamunda anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Amakafuna kambalame ka khosi lachikasu kotchedwa Yellow-throated Apalis, komwe sikapezeka dziko lina lililonse koma Malawi muno.

Inanso ndi Thyolo Alethe, mbalame yamanyazi yokhala pansi pa mitengo yowirira. Iyi ndiye imafuna kudekha kwenikweni. Imatsatira linthumbu n'kumatola tizilombo tothawa gulu la nyererezo. Wodziwa akapeza mzere wa linthumbu sathamanga. Amakhala chapatali, osatsokomola, osaswa tsamba louma, mwina mpaka miyendo kuchita dzanzi, kenako mbalame ija imatera pafupi.

Chondipweteka n'chakuti nkhalango zimenezi zikutha ndi makala komanso moto. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, miyala ndi matope zinatsika m'mapiri n'kukwirira midzi ya m'boma la Phalombe, ndipo mabanja ambiri mpaka lero akulira abale awo.