Kodi Linga la Mdani Nlofunika Kulisunga?

Munthu akaima pagombe la Nkhudzi m'mawa, maso ake amagwera pa mapiri akutsidya, m'dziko la Makanjira. Kumeneko kuli malo otchedwa Fort Maguire, potengera dzina la Kaputeni Cecil Maguire yemwe adaphedwa mu 1891 polimbana ndi ankhondo a mfumuyo. Cha kummwera, paphiri la Mangochi, pakadali makoma a miyala a linga lina limene Angerezi adamanga atagonjetsa Mfumu Jalasi mu 1895. Bwinja limeneli boma limaliteteza ndi lamulo. Tsono funso nali: nchifukwa ninji mtundu womasuka usamale linga la anthu amene adaulanda dziko?

Agogo anga, omwe adali msodzi wa chambo, sankazengereza poyankha. Ankati munthu sasunga mkwapulo umene adamukwapula nawo. Mawuwa si opepuka ayi. M'malinga otere ndimo munkatuluka asilikali okakamiza makolo athu kukhoma msonkho wa nyumba, ndipo olephera ankawatenthera midzi.

Komatu nkhani siithera pomwepa. Mponda, Makanjira ndi Jalasi ankagwira anthu nkukawagulitsa kwa amalonda a ku Kilwa. Mfuti yomwe idalanda dziko ndi yomwenso idachotsa goli m'khosi mwa akapolo. Lero m'mudzi umodzi mumakhala mdzukulu wa wogulitsa ndi mdzukulu wa wogulitsidwa, ndipo amakwera bwato limodzi. Nanga tikagumula lingalo, tikhala tikupukuta misozi ya ndani?

Ena amaloza ku Mangalande. Angerezi amasamala malinga a Aroma amene adagonjetsa chilumba chawo, monga a pakhoma la Hadrian lomwe lidayamba kumangidwa m'chaka cha 122, ndipo mu 1987 bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Koma chitsanzochi sichindikhutitsa kwenikweni. Papita zaka pafupifupi 1,900, ndipo kumeneko palibenso amene akumva ululu wa mkondo wa Mroma. Chathu chilondachi sichidapole.

Ine ndimaona kuti kusunga chinthu nkosiyana ndi kuchilemekeza. Linga ndi mboni. Akuluakulu adati mlandu suwola, koma mlandu wopanda mboni aliyense amaupotoza monga afunira. Mawa wina adzati atsamunda adabwera ndi Baibulo lokha. Wina adzati kunoko kudalibe ukapolo. Onse awiriwa makoma aja amawatsutsa.

Chondidandaulitsa ndi china. Maguire ali ndi malo otchulidwa dzina lake, pamene amuna ndi akazi omwe adasenza miyala kukwera nayo phiri lija palibe chowakumbukira. Miyalayo sidakwere yokha. Tsiku lina nditawafotokozera agogo maganizo onsewa, iwo adangopitiriza kusoka ukonde wawo, kenaka adandifunsa ngati mboni yangayo imalankhula Chiyao kapena Chingerezi.