Kadontho ka magazi ku Ngabu

Mu Novembala ku Ngabu dzuwa limaswa mtengo. Tsiku limenelo ndinakhala pamkeka pansi pa msawu, mdzukulu wanga ali pamiyendo, thupi lake lili moto. Mlangizi wa zaumoyo, amene kumudzi timangowatcha adokotala, anang'amba kapaketi n'kutulutsamo kapulasitiki koyera, kotalika ngati chala. Anamubaya mwanayo kuchala, magazi kadontho kamodzi m'kabowo, timadontho ta mankhwala m'kabowo kena.

"Tidikire pang'ono, agogo."

Ndinkayang'ana magazi akukwawa pang'onopang'ono m'kawindo kaja. Mzere woyamba unatuluka, kenaka wachiwiri, wofiirira. Malungo. Mphindi 20 zisanakwane, mwana anali atameza kale LA woyamba, mankhwala a malungo.

Tisanayambe kuona timapulasitiki timeneti m'zipatala zathu mu 2011, kutentha thupi kulikonse kunali malungo basi, kupatula komwe kunali maikulosikopu ndi munthu wodziwa kuyang'anamo. Mkati mwa kachipangizoka muli kapepala kopakidwa zinthu zimene zimagwira puloteni yotchedwa HRP2, yomwe kachilombo ka malungo kamatulutsa m'magazi. Ikagwidwa, mzere umaoneka. Sikafuna magetsi, sikafuna batire. Ndimaganizira kwambiri za anthu amene anakapanga. Anayenera kukumbukira fumbi lathu, njinga ya mlangizi, ndi kutentha kwa chigwa chino kumene kumatha kupitirira madigiri 40, pakuti kutentha kotere kumaononga mankhwala ali m'kapepalamo. N'chifukwa chake adokotala aja bokosi lawo salisiya padzuwa, ngakhale kwa kanthawi.

Koma ndikaganizira za kachipangizoka, mtima wanga umapita kumadzi amene timamwa. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo lilime limadziwa lokha. Zimene lilime silidziwa ndizo zimandiopsa. Namondwe Freddy atadutsa mu Marichi 2023, Shire ndi Ruo zitasefukira, zimbudzi zinagwa, matope analowa m'zitsime, kolera ali kale pakati pathu. Patapita masiku madzi anayera mbee, amayi n'kuyambanso kutunga. Palibe akanatha kunena ndi maso ngati m'chidebemo munali matenda.

Ndimalakalaka kanthu kena kakang'ono chimodzimodzi, kotchipa, kopirira dzuwa, kamene mayi wa komiti ya mjigo angasunge m'thumba la chitenje, m'mawa n'kudonthezapo madzi ana asanamwe.

Mdzukulu wanga anachira patatha masiku atatu. Madzulo ake anapempha madzi, ndipo ndinam'tungira mumtsuko, nditathiramo kale kolorini.